CX-5 ya dizilo kapena Fortuner yakale: iti ingakalambe nanu pa Zomba pano?

Alamu anga amakhala ku Matawale, amagwira ntchito m'tauni, ndipo kwawo ndi ku Chingale, kuseri kwa phiri. Ana ali nawo anayi. Ngongole ya kuntchito itatuluka anandiimbira foni usiku, mawu ake a munthu amene wasankha kale koma akufuna womuvomereza. "Alamu, pali magalimoto awiri, onse a dizilo, mitengo yake ikungosiyana pang'ono. Nditenge iti?" Yoyamba inali Mazda CX-5 ya 2013, yongofika kumene kuchokera ku Japan, makilomita osakwana 100,000, m'kati mukadanunkhira. Yachiwiri inali Toyota Fortuner ya 2010, ya injini ya 3.0 D-4D, yoti yadya kale makilomita opitirira 220,000 m'misewu yathu yomwe ino, chiwongolero chitachita kusalala ndi manja. Ndinawafunsa kuti akufuna kukhala nayo mpaka liti. Anati, "Mpaka wamng'onoyu amalize sekondale." Wamng'onoyo ali sitandade 3. Ndiye kuti tikukamba za zaka pafupifupi 10.

Galimoto yoti mudzaigulitsa pakatha zaka ziwiri mutha kuigula ndi maso. Yoti mukalambe nayo imafuna mafunso ena: izimwa dizilo wochokera kuti, akaikonze ndani ikadwala, zitsulo zake zidzapezeka kuti kwacha ikagwanso, ndipo pa sabata iziyenda maulendo otani. Funso lomalizali anthu amalidumpha, koma pa magalimoto awiriwa ndi limene limagamula mlandu.

Tiyambe ndi Mazda, chifukwa ndi imene imaba mtima. CX-5 inatuluka mu 2012, ndipo injini yake ya dizilo ya malita 2.2, imene amaitcha Skyactiv-D, inapangidwa mwaluso zedi. Ili ndi ma turbo awiri, makina okankhira mpweya wochuluka mu injini, yaing'ono yokoka ponyamuka ndi yaikulu yolandira liwiro likakwera. Mphamvu yake yokoka ndi 420 Nm, kuposa Fortuner imene imapereka 343 Nm ngakhale injini yake ndi yaikulu, ya 2,982 cc. Mukaikweza msewu wa kuphiri mpaka pa Ku Chawe, makona onse aja imawakhota ngati ikusewera. Sichita phokoso la thirakitala, m'kati mumatha kucheza osakweza mawu, ndipo mafuta imamwa ngati mlendo wamanyazi. Ine ndemwe ndikaiyendetsa ndimaiwala zonse zimene ndikufuna kunena m'munsimu.

Vuto lake labisala pansi, m'paipi ya utsi. Malamulo a ku Japan ndi ku Ulaya salola galimoto ya dizilo kulavula mwaye, choncho anaikamo sefa yotchedwa DPF. Sefayi imakola mwaye, ndipo ikadzaza galimoto imadziyeretsa yokha: kompyuta imalamula ma injector, tizitsulo topopera dizilo mu injini, kuthira dizilo woonjezera, utsi umatentha kufika madigiri pafupifupi 600, mwaye uja n'kupsa. Kuti izi zitheke injini iyenera kukhala yotentha bwino, galimoto iziyenda mosaimaima kwa mphindi 15 kapena 20. Mukazimitsa injini ntchitoyo ili m'kati, dizilo woonjezera uja amatsetsereka m'makoma a masilinda n'kukalowa mu oyilo. Mawa galimoto iyambiranso, inu muizimitsanso, dizilo wina alowanso. Oyilo amachuluka m'malo mochepa, amakhala wamadzimadzi, ndipo satetezanso zitsulo. Opanga ake amazidziwa zimenezi. Pa kachitsulo koyezera oyilo ka injiniyi pali chizindikiro cha X pamwamba pa mzere wosonyeza kudzaza, ndipo oyilo akafika pamenepo ndiye kuti wasakanikirana kwambiri ndi dizilo, ayenera kutayidwa.

Tsopano taganizirani Zomba. Tauni yathu ndi yaing'ono, ndipo n'chimene timaikondera. Kuchoka ku Matawale kukasiya ana kusukulu, kupita ku ofesi, masana kukagula ndiwo kumsika, madzulo kubwerera: ulendo uliwonse ndi wa mphindi zisanu kapena khumi, wodzaza ndi mahampu, akabaza ndi maminibasi oima pamene afuna. Mu June ndi July, chisanu cha kuphiri chikatsika, injini imafika ku ofesi isanafunde n'komwe. Amene amakhala ku Chinamwali, ku Sadzi, ku Mpondabwino kapena ku Old Naisi n'kumagwira ntchito ku Chirunga kapena kuchipatala chachikulu ali m'gulu lomweli. Galimoto ya DPF pa moyo wotere ili ngati munthu amene tsiku lililonse amamudzutsa tulo tisanathe. Mwezi umodzi apirira. Chaka chikamatha ayamba kudwala matenda osadziwika mutu wake.

Komatu si onse a Zomba amene amangozungulira pamodzimodzi. Alipo amene amagona kuno koma ntchito ili ku Blantyre kapena ku Limbe, ndipo kawiri kapena katatu pa sabata amaugwira msewu wa M3, makilomita pafupifupi 65 kudutsa pa Thondwe ndi pa Namadzi. Ena maulendo awo ndi a ku Liwonde, Balaka kapena Mangochi. Kwa amenewa sefa ija imadziyeretsa iwo osadziwa n'komwe, ndipo CX-5 itha kuwatumikira zaka zambiri mwakachetechete. Ngati muli nayo kale koma maulendo anu ndi aafupi, phunzirani kuimvetsera. Ikamawotcha mwaye, i-stop ija yozimitsa injini mukaima imasiya kugwira ntchito, nambala ya kamwedwe ka mafuta pa dashibodi imaipa mwadzidzidzi, ndipo mukatsika mumamva kafungo ka chitsulo chotentha. Mukaona zimenezi musaiimike pakhomo. Pitirirani mpaka ku Domasi kapena ku Thondwe n'kubwerera. Inde, kumeneku ndi kuwotcha dizilo paulendo wopanda ntchito, m'dziko limene dizilo timamugonera pamzere.

Kenako pali oyilo. Injini ya DPF imafuna oyilo wosasiya phulusa lambiri, amene pa botolo amalemba DL-1 ngati ndi muyezo wa ku Japan, kapena gulu la C, monga C1 ndi C3, ngati ndi wa ku Ulaya. Oyilo wa 15W-40 wopima m'diramu, wothira m'malole ndi m'zigayo, injini iyenda naye ndithu, koma phulusa lake limakakhazikika mu sefa, ndipo phulusa silipsa ngati mwaye. Apa m'pamene ambiri amagwera, osati chifukwa cha umbuli koma chifukwa cha thumba. Tsiku la sevisi lafika, oyilo woyenera ali ku Blantyre ndipo ndi wodula, mnyamata wa pagalaja akuti, "Bwana, dizilo ndi dizilo, yemweyu ali bho." Kuthira kamodzi sikupha injini, koma zaka zitatu za chizolowezi chimenechi zimaimaliza.

Injiniyi, makamaka ya zaka zoyambirira, imadziwikanso ndi matenda ena atatu. Mawashala a pansi pa ma injector akayamba kutulutsa mpweya, mwaye umalowa mu oyilo n'kutseka kasefa ka m'sampu pamene pampu imakokera oyilo. Oyilo akamafika mopereweza, oyamba kufa ndi ma turbo aja, kenako mabering'i. Camshaft ya mbali ya utsi, chitsulo chotsegula mavalavu, imadyeka. Njira yolowera mpweya imamatirira mwaye wochokera ku EGR, chipangizo chobwezera utsi wina mu injini, mpaka kutsala kabowo kongolowa chala. Zonsezi zimakonzeka, koma zimafuna makaniko woidziwa injiniyi, wokhala ndi kompyuta yowerengera, osati wa sipanala ndi hamala basi. Otere alipo, koma ambiri ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Galimoto ikafera pa Songani, kuinyamula mpaka ku Limbe ndi ndalama ina isanayambe ntchito yeniyeni.

Ndikudziwa yankho limene lili kale pakamwa panu: angoichotsa DPF-yo. Ambiri amachitadi zimenezo, kuboola sefa n'kusintha pulogalamu ya mu kompyuta. Zikachitika bwino, dizilo amasiya kuthamangira mu oyilo. Zikachitika mwachidule, kompyuta imapitiriza kuthira dizilo wowotchera sefa imene kulibe, ndiye mwangoonjezera utsi pa vuto lakale. Komanso sefa ikamatsekeka pafupipafupi, nthawi zambiri olakwa ndi ma injector otopa kapena EGR. Kuchotsa sefa osakonza zimenezo ndi kuvundikira tambala m'dengu kuti kusache. Ndipo utsi wakudawo akuupuma ndi ana anu omwe, pa geti ya sukulu, injini ikudikira.

Fortuner ndi nyama ina. Kunena mosapita m'mbali, ndi Hilux imene anaiveka denga ndi mipando isanu ndi iwiri, kumbuyo n'kuikako masipuling'i ozungulira m'malo mwa amasamba aja. Thupi lake limakhala pa chasisi chapadera ngati lole, ndipo injini ya 1KD-FTV ndi yomwe ija ya mu Hilux ndi Prado za nthawi imeneyo. Mtundu woyambawu unapangidwa kuyambira 2005 mpaka 2015, ndipo zambiri zimene timaziona kuno zinachokera ku fakitale ya ku Durban. Ku Japan Fortuner sinagulitsidwepo, choncho wina akakuuzani kuti yake yangotsika kumene kuchokera kumeneko, yambani kukayikira zina zonse zimene akunena. Za msika wa ku South Africa za zaka zimenezo sizinabwere ndi DPF, ndipo mfundo imodzi yomweyi ikufufuta theka la nkhawa zonse ndalemba pamwambapa. Iyendetseni mphindi zisanu, izimitseni, iliziseninso. Idzangomwa mafuta ochulukirapo, koma siidzakusungirani chakukhosi.

Ubwino wake waukulu suli n'komwe m'galimotomo, uli m'dziko. Hilux ili paliponse: m'maofesi a boma, m'mabungwe, m'maesiteti a tiyi ndi fodya, kwa amalonda a zokolola. Ndiye kuti mabuleki, mabushi, mabering'i, pampu ya madzi ndi kilatchi zimapezeka m'mashopu a ku Limbe, zogwetsa zimapezeka ku Ndirande, ndipo zina zing'onozing'ono mumazipeza mu Zomba momwe muno. Makaniko aliyense wa zaka zake analowapo kale pansi pa Hilux. Pa zaka 10 zimenezi ndi zofunika kuposa mipando yachikopa. Kuchuluka komweku kumabweretsanso zitsulo zachinyengo zovala bokosi la Toyota. Bushi yachinyengo ikuvutitsani miyezi ingapo n'kuisintha, koma fyuluta ya dizilo ndi lamba wa timing musagule pongoona kutchipa.

Mawu oti "Toyota siifa" aphetsa ma injini ambiri. Injini ya 1KD imayendera lamba wa timing, osati tcheni ngati ya CX-5, ndipo lambayo ayenera kusinthidwa pa makilomita 150,000. Pa dashibodi pamayaka nyali yolembedwa T-BELT, koma nyaliyo imazimitsika popanda kusintha chilichonse, ndipo ogulitsa ena amadziwa mozimitsira mwake. Lamba akaduka muli pa liwiro, mavalavu amagundana ndi mapisitoni, nkhani ya ndalama zochepa n'kusanduka ya kutsegula injini yonse. Ma injector ake nawonso amakalamba. Chizindikiro chake ndi kugogoda kolimba injini ikadali yozizira, kumene kumachepa ikafunda. Ndi anayi, ndi odula, ndipo akaikidwa atsopano manambala ake ayenera kulowetsedwa mu kompyuta. Injector yoipa ikasiyidwa imatha kung'alula pisitoni. Matenda a mawashala ndi kasefa ka m'sampu amene ndanena pa Mazda aliponso pano, ndendende. Pamwamba pa izo, Fortuner ya makilomita 220,000 yayenda moyo wake: mwina inali ya pulojekiti, yodutsa m'manja mwa madalaivala khumi, aliyense woti galimoto si yake. Muyembekezere ma shock, ma ball joint, mabushi ndi radiyeta m'zaka ziwiri zoyambirira.

Pali mdani mmodzi amene sasankha dzina la galimoto, ndiye dizilo wa m'chigubu. Ma injini onse awiri ndi a common rail, opopa mafuta pa mphamvu yaikulu kudzera m'timabowo tochepa kuposa tsitsi. Madzi pang'ono, fumbi pang'ono, kapena palafini wosakaniza, ndi zokwanira kudya pampu ndi ma injector. Tonse tikukumbukira mizere ya 2011 ndi 2012, ndiponso imene yakhala ikubwerabwera kuyambira 2022. Pa nthawi zotere munthu ali ndi wodwala kapena maliro safunsa kuti dizilo wachokera kuti. Fortuner imapirirako pang'ono, ndipo ili ndi nyali yochenjeza madzi akaunjikana pa fyuluta, koma kupirira si chilolezo. CX-5 inapangidwira dizilo wa ku Japan wa sulfure wosapitirira magawo 10 pa miliyoni (10 ppm), pamene muyezo wa kuno ndi 50 ppm. Wa pa pampu iyenda naye. Wa kuseri kwa golosale ndi juga. Iliyonse imene mungagule, sinthani fyuluta ya dizilo msanga kuposa mmene buku likunenera, ndipo thanki isamatsike kwambiri mphekesera za kusowa kwa mafuta zikayamba.

Tibwere ku thumba, kumene Mazda imapambana poyera. Fortuner 3.0 imayenda makilomita pafupifupi 10 pa lita, mwina kuchepera m'tauni. CX-5 yathanzi imafika 13 mpaka 15 pamsewu wautali. Tingoyerekeza kuti mumayenda makilomita 15,000 pa chaka: Fortuner imwa malita 1,500, CX-5 pa makilomita 14 pa lita imwa malita pafupifupi 1,070. Kusiyana kwake ndi malita 430 chaka chilichonse. Chulukitsani ndi mtengo wa pa pampu lero, muona kuti si ndalama yoseweretsa. Ndi fizi ya mwana. Matayala a Fortuner, a 265/70 R16 kapena 265/65 R17, ndi aakulu ndi odula kuposa a 225/65 R17 a CX-5. Pa sevisi Fortuner imadya oyilo pafupifupi malita 7, Mazda pafupifupi 5, ngakhale wa Mazda lita yake ndi yokwera.

Koma masamu amenewa ndi a chaka chabwino. Chaka chimene ma turbo awiri afa, kapena injini yagwira chifukwa kasefa kanatsekeka, chimameza zonse munasunga pa zaka zinayi. Ndipo zitsulo za Skyactiv-D nthawi zambiri ndi zoitanitsa, zolipira m'madola, kudikira masabata. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Amene anali ndi galimoto pa matabwa akudikira chitsulo chochokera kunja miyezi imeneyo sangaiwale. Za Toyota nazonso zinakwera, palibe chimene chinapulumuka, koma pamenepo mumakhala ndi posankha: chatsopano, cha kampani ina, kapena chogwetsa. Tsiku logulitsa nalo liwerengereni. Fortuner yokalamba imapezabe wogula, mlimi kapena wa bizinesi ya kumudzi. CX-5 ya dizilo ya zaka 20 wogula wake ayamba ndi kufunsa matenda.

Pa za chitetezo ndi ufulu wa m'kati, achemwali anga, akazi awo a alamuwo, anali ku mbali ya Mazda, ndipo sankalakwa. "Achimwene, chigalimoto chimenecho chimandiswa msana," anatero atakwera Fortuner kuchoka pa depoti kufika ku Chikanda basi. Imadumphadumphadi ikakhala yopanda katundu, ndipo ndi yaitali, kulemera kwake kuli m'mwamba. Mukakhotetsa mwadzidzidzi pa liwiro pozemba njinga kapena mbuzi, imapendekeka moopsa kuposa galimoto yaifupi. Zoyambirira zambiri zinalibe VSC, makina othandiza kuti galimoto isaterereke pokhota, choncho funsani ngati imene mukuionayo ili nawo. CX-5 inapeza nyenyezi zisanu pa mayeso a ngozi a Euro NCAP mu 2012, imagwira msewu bwino, ndipo imaima msanga. Pa M3 usiku, pamene malole amaima opanda nyali, zimenezi ndi zenizeni. Amene amaika chitetezo cha ana patsogolo n'kusankha Mazda sindingamutsutse.

Tala akatha nkhani imatembenuka. CX-5 ndi yokwera ndithu, ndipo ya AWD, yokoka ndi matayala onse anayi, imadutsa msewu wafumbi wa m'chilimwe popanda vuto. Kupita ku Kachulu kukagula nsomba za ku Chilwa nthawi youma si nkhani. Koma ilibe giya ya low range, yokokera mwamphamvu pang'onopang'ono pamalo ovuta, pansi pake pali mapulasitiki, ndipo ngati yabwera ndi matayala a 19 inchi, opyapyala m'mbali, dzenje limodzi limatupitsa tayala kapena kupinda rimu. Zambiri zochokera ku Japan zimabweranso zopanda tayala lapadera, m'buti muli kabotolo ka zomatira ndi kapampu basi. Onani zimenezi musanalipire. Njira ya kumudzi kwa alamu anga m'dzinja ndi matope, miyala ndi mitsinje yodutsa pansi. Namondwe wa Freddy atagumula milatho mu March 2023, ambiri a chigawo chino tinaphunzira kuti ngakhale msewu umene timaudalira utha kusanduka njira yolambalala ya m'munda. Pamenepo Fortuner ya 4x4 ili kwawo. Dziwani kuti si zonse zili 4x4. Zambiri ndi zokoka kumbuyo kokha, ngakhale maonekedwe ndi amodzi. Suzumirani pansi muone ngati kutsogolo kuli difu.

Ndiye pali mipando, nkhani imene kwa banja la Chimalawi si yaing'ono. Galimoto ya banja kuno si ya bambo, mayi ndi ana okha. Ndi ambulansi ya mudzi wonse, imanyamula azakhali ku chinkhoswe, imabwera ndi matumba a chimanga ndi nkhuku pobwerera. CX-5 ndi ya anthu asanu, basi. Banja la ana anayi lakwana kale anthu asanu ndi mmodzi agogo asanakwere. Fortuner ili ndi mipando iwiri yakumbuyo yopindikira m'mbali, yokwana ana osati akuluakulu a miyendo yaitali, ndipo mukaitsitsa malo a katundu amatsala ochepa. Koma ilipo. Kunena zoona, kwa alamu anga mfundo iyi yokha ikanatha kutseka nkhani tisanafike n'komwe pa DPF, kungoti munthu akakopeka ndi galimoto amayamba kuwerenga ana ake mochotsera.

Mapepala musawaone mopepuka. Msonkho wa MRA umakwera galimoto ikakhala yakale komanso injini ikakhala yaikulu, n'chifukwa chake Fortuner yakale ndi bwino kuigula yolembetsedwa kale kuno kusiyana n'kuitanitsa. Koma funsani mmene inalowera. Ngati inali ya bungwe lolowetsa katundu mosalipira msonkho, onetsetsani kuti za msonkhowo zinakonzedwa isanagulitsidwe, kuopa kuti ungagwere inu. Ngati inadzera pa Mwanza kuchokera ku South Africa, nambala ya chasisi ndi ya injini zifanane ndi za pa blue book, ndipo apolisi atsimikize kuti si yobedwa, chifukwa Fortuner ndi Hilux ndi zina mwa galimoto zimene akuba a kumeneko amazikonda. Pa CX-5 yodzera ku Dar es Salaam ndi pa Songwe, pemphani pepala la okushoni la ku Japan muyerekeze makilomita, popeza nambala ya pa dashibodi imabwezeka. Suzumiraninso pansi ngati pali dzimbiri, chifukwa madera ozizira a ku Japan amathira mchere m'misewu. Kusintha umwini ku Road Traffic kuchitike sabata yomweyo, osati "tidzapanga". Kanthu kakang'ono koseketsa: wailesi za ku Japan zimalekera pa 90 FM, ndiye masiteshoni ambiri a kuno simuwamva mpaka mutaikamo kachipangizo koonjezera.

Tsiku lokaona galimoto, pitani m'mawa ndipo muuze mwini wake kuti asailize inu musanafike. Gwirani boneti, ikakhala yofunda, wina akubisa kanthu. Injini yozizira siinama. Mverani kugogoda, onani mtundu wa utsi, tsegulani chotsekera cha oyilo injini ikulira muone ngati ikupuma utsi wambiri. Pa CX-5 solani kachitsulo ka oyilo muone pamene wafika poyerekeza ndi X uja, mumununkhize ngati akumveka dizilo. Tengani makaniko wanu, osati wa wogulitsa, aike kompyuta awerenge mmene ma injector akudzikonzera, ndipo pa Mazda aone kuti sefa ikudziyeretsa pakatha makilomita angati komanso ngati ilipo n'komwe. Ikamadziyeretsa pafupipafupi kwambiri, ma injector atopa. Kenako ikwezeni kuphiri. Zomba tili ndi mwayi kuti malo oyesera galimoto tinapatsidwa aulere: chitunda cha ku Ku Chawe chimaulula injini yotentha, giyabokosi yoterereka ndi turbo yofooka, ndipo potsika mabuleki ndi ma shock amadzinenera okha. Mukafika pamwamba musazimitse nthawi yomweyo, ilekeni ilire mphindi imodzi kapena ziwiri turbo izizire. Wogulitsa amene akukana ulendo umenewu wakuyankhani kale.

Pali njira yachitatu imene ndinawauza alamu ngakhale sanaifunse. Ngati moyo wanu ndi wa m'tauni mokhamokha, kumudzi ndi kwa tala, ndipo ana ndi awiri kapena atatu, dizilo mukumufuniranji? Kuno dizilo wakhalapo wodula kuposa petulo. Mu November 2023 MERA inaika petulo pa K2,530 ndi dizilo pa K2,734 pa lita. CX-5 yomweyo ya petulo ya malita 2.0, kapena RAV4, ilibe DPF, ilibe turbo, ndipo maulendo aafupi sawadandaula. Imamwa mafuta ochulukirapo pang'ono, koma mumagona tulo. Kwa amene akufuna Fortuner koma akuopa mafuta, iliponso ya 2.5 D-4D, yofooka pa chitunda koma yodya mochepa.

Maganizo anga ndi awa. Woyenda M3 sabata iliyonse, wa banja la anthu asanu, wosunga malisiti, woti oyilo woyenera adzamugula ngakhale mwezi utavuta, atenge CX-5 ndipo adzasangalala nayo kuposa mmene ine ndingasangalalire ndi Fortuner. Wozungulira mu Zomba masiku asanu, wopita kumudzi kwa matope, wofuna galimoto imene makaniko wa pafupi angaitsegule, atenge Fortuner, avomereze kuti azilipira pa pampu mwezi ndi mwezi m'malo molipira kamodzi kowawa. Ndipo Fortuner yozunzika, yogogoda m'mawa, yopanda pepala lililonse la sevisi, ndingaisiye n'kutenga Mazda yosamalidwa, kapena kubwerera kunyumba wapansi n'kudikira ina.

Alamu anatenga Fortuner, atatsitsitsa mtengo chifukwa mwini wake analibe lisiti ya lamba wa timing. Ndalama imene inatsalayo sinafike kunyumba. Sabata yoyamba galimoto inagona pagalaja: lamba watsopano ndi zomangira zake, mawashala anayi a ma injector, sampu inatsitsidwa kuti aone kasefa kaja, ndipo anakapeza katayamba kale kuda mbali imodzi. Mafyuluta onse anasinthidwa, ma shock akumbuyo akudikira mwezi wa mawa. Achemwali akadali kunena kuti imawaswa msana, ndipo CX-5 yofiira ikadutsa pa msika amaitsatira ndi maso mpaka itakhota.